Chikwatu cha a Nankhoma

Tsiku limene ndinkakwera basi ya ku Joni, alamu anga a Nambewe adandikokera pambali nkundigwira dzanja molimba. "Mulamu," adatero, "kumene mukupitako musakaope eni dziko. Eni dziko akadana nanu amakuuzani pamaso. Mukaope wakwanu amene adzabwere ndi mbale m'manja uku akumwetulira. Musakadye cha munthu, musakanyamule cha munthu." A Nambewe ku Joni sadafikeko, ngakhale ku Dedza ndikukayika, koma mawu awo adagwera pa nthaka yolimalima, poti ine nkale lomwe sindidya pa maliro a mudzi wina.

Mwezi watha mwana wanga Estere adaimba foni kuchokera kumeneko. Idandipeza kuseri kwa nyumba kuno ku Nsaru, ndikupeta nyemba. Adati a Nankhoma atisiya. Ndidafunsa kuti maliro afika liti. Adati, "Amayi, adaikidwa dzana. Konkuno."

Kwathu kuno munthu asanatsitsidwe m'manda, wina amaimirira nkunena kuti uyu adabadwira kwakutikwakuti, adabereka akutiakuti. Kwa a Nankhoma palibe adaimirira. Ndiye ndinena ine, ngakhale pa anthu onse wosayenera ndine, ndipo mumva chifukwa chake.

Ku Joni ndidapitira chikuta, zaka ziwiri zapitazo. Estere, amene amachapa ndi kusita kwa azungu, adali ndi pakati poyamba, ndiye iye ndi mkamwini wanga adandiitanitsa. Ndidakhalako miyezi isanu. Amakhala kummwera kwa mzinda, dera la nyumba zakale za njerwa zofiira, zimene akuti kale munkakhala azungu a m'migodi. Lero kuseri kwa nyumba iliyonse mwini wake adamangako tizipinda tamalata mpaka kudatsala kanjira kodutsa chammbali. Mumpanda mwathu mudali zipinda khumi ndi chimodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Tonse tidali Amalawi, kupatula banja lina la ku Zimbabwe. Mnzako akatsokomola unkamva ngati watsokomolera m'khutu mwako.

Za chakudya cha kumeneko ndinene zoona. Njala kulibe. Kuli mapazi ndi mitu ya nkhuku zogula m'mapepala zitauma gwa ndi ayezi, kuli kabichi tsiku ndi tsiku, kuli buledi woboola pakati nkulongamo tchipisi ndi soseji amene anyamata amadya akuyenda. Ufa wa m'sitolo ngoyera mbee ngati laimu, koma ukaununkhiza sumva munda, sumva chigayo, sumva kanthu. Umakhuta, koma m'kamwa mumakhala ngati simudadutse chinthu.

M'mpanda monsemo chobiriwira chidali kwa a Nankhoma kokha. Chipinda chawo chidali chakumapeto, chogundana ndi khoma, ndipo pakhomo pake adandandalikapo matayala akale odzaza dothi. Dothilo adalituta okha ndi ndowa kuchokera m'mbali mwa njanji, manyowa ankapempha kwa bambo wogulitsa nkhuku zamoyo pamsewu. M'matayalamo munkamera nkhwani, khwanya, mpiru, bonongwe, ngakhale chisoso chimene kuno timachizula nkutaya. Adali mayi wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, wa mphini ziwiri patsaya lililonse. Ankavala juzi lachimuna ndi nsapato zachimuna, fodya wa m'mphuno ankasunga m'kabotolo kamene kankakhala mu duku. Zaka zawo sankazidziwa bwino, koma tsitsi lonse lidali phulusa. Ankakhalira kugulitsa masamba ndi thobwa pageti, ndi kulera makanda a amayi opita kuntchito.

Tsiku langa loyamba lomwe, ndisadamasule nkomwe katundu, ndidamva odi. Potsegula, ndi iwo, mbale m'manja, akumwetulira. Mudali nkhwani wotendera. Ndidalandira ndi manja awiri, ndidathokoza, atapotoloka ndidakakhuthula m'bini. M'mawa mwake tidakumana pampopi.

"Mwadzuka bwanji, a Naphiri?"

"Ndadzuka, kaya inu. Ndiwo zija zidali bwino."

"Eya, makoswe andiuza. Koma mukamataya muzitayira m'tayala langa zikhale manyowa. M'binimo mukunenepetsa makoswe a eni ake."

Sadakwiye ndipo sadaleke. Mbale inkabwera kawiri pa sabata. Estere ankadya mpaka kunyambita zala, ine ndinkangomuyang'ana kuti ndione ngati asintha nkhope.

Ntchito yawo yaikulu mumpandamo idali mchere. Inu akuno mukudziwa kuti mkazi akakhala kumwezi, kapena pachikuta, kapena akayenda njira yosayenera, sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula a m'nyumba mwake. Kumudzi amangoitana kamwana kuti kathire. Nanga ku Joni, kumene ana amaweruka mochedwa ndipo ena adasiyidwa kumudzi, uitana yani? Ankaitana a Nankhoma, poti iwo adali nkhalamba yozizira. Dzuwa likapendeka, mapulaimasi akayamba kulira, unkamva uku ndi uko, "Agogo, tadzandithirireni." Iwo ankapukuta manja pa juzi, kulowa chipinda ichi, kutuluka, kulowa icho. Supuni sankaidziwa, ankatapa ndi zala zitatu. Ngakhale atsikana a mawigi amene ankati zimenezo nzachikale, tsiku lawo likafika ankaitana motsitsa mawu.

Motero a Nankhoma ankadziwa za m'kati mwa nyumba iliyonse. Woitana kawiri pa mwezi umodzi ankamudziwa. Wosiya kuitana miyezi iwiri ankadziwa kuti waima, mwamuna wake asanadziwe. Koma sindidamvepo atatulutsa kanthu. Tsiku lina ndidawayesa dala. Ndidati, "Kodi mkazi wa chipinda chapakonayu sakukuitanani pafupipafupi?" Adafwenkha fodya wawo, adayetsemula, nkundiyankha kuti iwo adaitanidwa kudzathira mchere, tsabola amathira ena.

Ine sizidandisangalatse. Munthu mmodzi kupisa zala m'miphika khumi? M'mphika wa mwana wanga ndinkathira ndekha, ndipo mchere wathu ndinkausunga pansi pa pilo.

Loweruka basi ya kumudzi ikafika, mpanda wonse unkanunkha Malawi. Uyu walandira usipa, uyu mtedza, uyu ufa wa mgaiwa, wina mbewa zouma zobisa m'masokosi. Mwini nyumba ankadutsa atatseka mphuno akutukwana m'chinenero chake. Aliyense ankatapako pang'ono nkukasiya kwa a Nankhoma, ndipo Lamulungu tikachoka ku Misa iwo ankasonkha moto m'mgolo wodula pakati, poti ankati nyemba za pa pulaimasi zimapsa kunja kokha ngati Mkhristu wa pa Khrisimasi. Anthu ankakhala pa makreti ndi pa ndowa zovundikira, mbale pamiyendo, mafoni akulira nyimbo za kwathu. Amene wangofika kumene ndiye ankayamba kulandira. A Nankhoma ankamuyang'ana kadyedwe nkudziwa masiku amene wagona m'njira. Za mapepala sankafunsa munthu. Ankafunsa mudzi, mfumu yake, ndi dzina la amake, nkumuuza abwereze mokweza kuti onse amve. Ankati munthu akaleka kutchula mudzi wake, mudziwo nawo umaleka kumutchula.

Sadali mngelo. Pakamwa pawo padali lumo. Adakhala masabata awiri osalankhulana ndi mkazi wa ku Zimbabwe uja chifukwa adatendera nkhwani wawo ndi chiponde cha m'botolo m'malo mwa nsinjiro, ngakhale m'masabata omwewo mayiyo akaitana ankapita kukamuthirira mchere, nkhope atayang'ana kukhoma. Mnyamata wina atakodzera pafupi ndi matayala awo adamuthamangitsa ndi chipande mpaka pamsewu. Ankati amuna a ku Joni amakumbukira kwawo m'mimba mokha. Ankatinso munthu wothira madzi ambiri m'ndiwo ngwabodza, ndipo wokana chakudya pali chimene akubisa. Izi ankanena akuyang'ana ine.

Lamulungu lina mkamwini wanga, atakhuta usipa ndi kamowa pang'ono, adayamba kulalikira kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. A Nankhoma adaponya chipande pansi. Adati mwambi umenewo amaunena ndi anthu amene chitseko chawo chikadali chotsegula, ndipo amene sadagogodepo pakhomo la amake nkumaopa kuti ayankha ndani, atseke pakamwa adye. Adalowa m'chipinda mwawo, sadatulukenso tsiku limenelo.

Nkhani yake adandiuza okha patapita masiku, tikuotcha zitsononkho kuti tipeze phulusa la chidulo. Kwawo kudali ku Nambuma. Mwamuna wawo adapita ku migodi, makalata adabwera chaka chimodzi nkuleka. Iwo adamulondola, atasiya mwana wawo mmodzi yekhayo, Velonika, wa zaka zinayi, m'manja mwa amayi awo. Adamuuza mwanayo kuti abwera chimanga chikacha. Mwamuna adampeza ali ndi mkazi wina, akutsokomola fumbi la pansi, ndipo sadakhalitse. Iwo adati agwireko ntchito pang'ono kuti asabwerere chimanjamanja. Chaka chidatha, china chidatha. Za imfa ya amayi awo adamva kwa dalaivala wa lole, mwambo wa maliro utatha kalekale. Adandiuza kuti manyazi ali ngati mwana, poyamba umamubereka kumbuyo, kenaka amakula nkuyamba kukuuza kopita ndi kosapita. Adatchona zaka zoposa makumi anayi. Amene adauza ana a eni onse kuti atchule mudzi wawo, iwo okha adali asadalembeko ndi kalata yomwe.

Ndidamvetsera, koma ndidati mumtima, mkazi wotaya mwana wake angakonde bwanji ana a eni? Pali chimene akufuna.

Mdzukulu wanga Pilirani atakwana masabata asanu ndi limodzi adayamba kutsegula m'mimba. Pofika tsiku lachiwiri liwombo lidalowa, maso adalowa, kulira kwake kudangokhala ngati kwa kamphaka. Ine ndidadziwiratu kuti ndi tsempho, ndipo wolakwa ndidamudziwa. Ndidamuimika mkamwini pakhomo m'mawa asanapite kuntchito, ndidati aulule mkazi amene wayenda naye mkazi wake ali ndi khanda. Iye akulumbira, Estere akulira, anthu atatuluka m'zipinda misuwachi ili kukamwa. A Nankhoma adadutsa pakati pathu, adatsina khungu la pamimba pa mwana. Khungulo lidangoima, osabwerera.

"A Naphiri, mlandu mudzazenga mawa. Mwanayu watha madzi m'thupi."

"Inu amene mumathira mchere mumpanda monse muno, lero mukukana tsempho?"

"Sindikukana. Tsempho lingadikire. Uyu sadikira."

Vuto lidali lakuti masiku amenewo pageti la chipatala chaching'ono cha m'deralo pankaima anthu ena, osati apolisi, osati a chipatala, ongofunsa ziphaso nkubweza aliyense wolankhula ngati mlendo. Estere mapepala ake adali atatha. A Nankhoma adalowa kwawo, adatuluka atavala siketi, epuloni ndi chipewa chaubweya monga amavalira agogo a kumeneko. Adatenga nsalu nkumanga Estere kuchokera kuchibwano mpaka pamutu.

"Iwe dzino likukuwawa, wamva? Wina akakufunsa kanthu ungobuula."

Mwana adamubereka ndi thawulo monga amachitira akumeneko, chitenje adachikana. Ine adandiuza kuti ndikaime patali, akuti nkhope yanga idalembedwa Nsaru pachipumi.

Ndidaonera kutsidya kwa msewu. Adafika pageti akukalipa kale m'Chizulu, mawu ngati mvula ya matalala. Adaloza mwana, adaloza Estere, adaomba m'manja, adaloza kumwamba. Bambo amene adali ndi chikwapu adabwerera m'mbuyo, adavula chipewa, nkuwatsegulira njira. Pilirani adamuika diripi. Lero ndi mwana wothamanga, amandiimbira nyimbo pafoni.

Estere ndiye adadzandiuza kuti kuchipatalako a Nankhoma ankadziwika ndi dzina lina, la Chizulu, ndipo adali ndi khadi lake. Lidali dzina la mkazi wina amene adagwira naye ntchito kalekale. Munthu wabwinobwino akadagwada pansi kuthokoza. Ine ndidathokoza ndi pakamwa, koma m'kati ndidati, wa malilime awiri ndi mayina awiri, wonamiza amuna a zikwapu osaphethira, nanga ine angandipusitse motani?

Kutatsala masabata atatu kuti ndibwerere, adayamba kufutsa. Adathyola nkhwani ndi khwanya wa m'matayala mwawo, akusankha tsamba limodzilimodzi, adafutsa, adayanika padenga lamalata, iwo atakhala pampando ndi ndodo kupirikitsa nkhunda. Adatuma dalaivala wa basi kuti awabweretsere masamba a msuku kuchokera kumudzi, poti mfutso wokulunga m'nyuzipepala si chikwatu. Zitamveka kuti chikwatucho chikupita ku Malawi, mpanda wonse udagwa nako kuseka. Ndiwo zimachoka kwathu kupita ku Joni. Adamvapo ndani mfutso ukukwera basi kulowera ku Lilongwe? Mkamwini wanga adati, "Agogo, ku Nambuma nkhwani zimadya ndi mbuzi." Iwo adangomanga luzi lawo.

M'mawa wa tsiku la ulendo adandiitanira m'chipinda mwawo. Kadali koyamba kulowamo. Mudali bedi, mtanda pakhoma, ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere, chodzaza, chotseka kale. Adandiika chikwatu pamiyendo.

"Ichi mukapatse Velonika. Mukamuuze kuti nkhwaniyu adabzala ndi amako, adathirira ndi amako, adafutsa ndi amako. Bulangete ndikadatumiza, koma bulangete munthu amafunda ngakhale lochokera kwa mdani. Chakudya ayi. Akaphika nadya, mudzandiuze pafoni ya Estere, ine ndikwera basi. Chikwama mukuchiona icho. Ndikufuna ndikafere kwathu, a Naphiri. Akakana mudzandiuzenso, ndileke kuvutitsa mtima."

"Bwanji osangofufuza nambala nkumuimbira?"

"Akayankha ndikati ndine yani?"

Adatchula mudzi katatu, ndi dzina la malume wake wa Velonika. Ndidalandira. Ndikadakana bwanji, Pilirani akuyamwa chipinda chinacho?

Nditafika kuno chikwatu sichidalowe m'nyumba mwanga. Ndidachipachika kudenga m'chigafa. Ndidachiganizira masana ndikulima, ndidachiganizira kutchalitchi. Munthu angatumize masamba ku dziko la masamba popanda china m'katimo? Nditawaonetsa a Nambewe adangoti, "Si ndidakuuzani?" Tonse tidamvapo za nkhalamba zimene zimaonjezera masiku awo ndi moyo wa ana awo. Ndidaboola pang'ono, ndidapatsa mbuzi. Mbuzi idadya, idanenepa, idaswa ana awiri. Ndidati mankhwala otumidwa kwa munthu sagwira mbuzi. Ndipo Velonikayo akadya nadwala, mlandu ugwera yani? Wonyamula. Ku Nambuma ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa njinga yamoto. Ndidati ndipita tikakolola. Titakolola ndidati ndipita fodya akachoka.

Estere akaimba ankati agogo akufunsa. Ndinkati netiweki yavuta. Tsiku lina adangowapatsa foni osandichenjeza.

"A Naphiri, muli bwanji kumeneko? Kodi mudafika ku Nambuma?"

Mawu adatuluka okha. "Ndidafika. Ndidapereka."

"Adati bwanji?"

"Sadanene kanthu."

"Adaphika?"

"Sindidaone."

Ndidamva akupuma. Kumbuyo kwawo mpopi unkathira madzi m'ndowa, wina ankaseka.

"Chabwino. Zikomo, a Naphiri. Mudavutika nawo ulendo."

Sadafunsenso. Estere adadzandiuza, osadziwa chimene akundiuza, kuti sabata lomwelo agogo adamasula chikwama chija nkugawa zonse, mabulangete, nsapato, mapoto, akuti zikungodya malo. Ndidati ndikonza. Ndidati ndipita ndithu, kenaka ndiimba kuti Velonika wasintha maganizo. Mvula idabwera, msewu udaonongeka, mvula ina idabwera.

A Nankhoma adadwala chifuwa nyengo yozizira itayamba. Adawatengera kuchipatala ndi khadi la dzina lija, ndipo adamwalira tsiku lachitatu. A chipatala atafunsa abale, Amalawi a mumpanda muja, amene adadya za m'manja mwawo zaka zonsezi, adangoyang'anizana. Kupita kukanena kuti uyu ndi Mmalawi, dzina lake lenileni ndi lakuti, tikufuna timutengere kwawo, ndiye kuti nawe akufunsa mapepala ako. Ena adati abwana sangawamasule pakati pa sabata. Ena adazimitsa mafoni. Kumanda kudapita anthu anayi: Estere, mkazi wa ku Zimbabwe uja, ndi amayi awiri a mumphakati wa kutchalitchi. Pamtanda padalembedwa dzina la Chizulu. Sabata lisanathe m'chipinda chawo mudalowa wina, matayala adatayidwa kunja kwa geti dothi lili momwemo. Ndikafuna kuwatukwana anthu amenewo ndimayamba bwino, koma ndikafika pakati mawu amandikanika.

Lachiwiri lapitali ndidatsitsa chikwatu ndidakwera njinga yamoto. Mudzi ndidaupeza osasochera, woyamba kumufunsa adandilozera nyumba. Velonika ndidamupeza pakhonde akutonola chimanga. Ndi mayi wa imvi, wa zidzukulu, wamfupi, mapewa omwe aja. Adandiyalira mphasa, tidalonjerana. Ndidamuuza zonse, kuyambira matayala mpaka foni, sindidadumphe. Ndidamuuza kuti amake adamwalira. Ndidanena mawu aja monga adandituma: adabzala ndi amako, adathirira ndi amako, adafutsa ndi amako.

Velonika adapukuta manja, adatenga chikwatu, adachinunkhiza. Adamasula luzi pang'onopang'ono osadula. Masamba a msuku adathetheka m'manja mwake. M'kati njenjete zidali zitamaliza kale, mudangotsala fumbi lakuda ndi timitsitsi.

"Chakhala kwa inu nthawi yaitali bwanji, amayi?"

"Mvula ziwiri."

"Ku Nsaru pompa?"

"Pompa."

Sadalire. Adayang'ana fumbilo.

"Mukuganiza kuti ndidawakhululukira, eti? Ayi. Ndidawasungira mawu. Chiyambire ndili mwana ndakhala ndikuwasunga, a tsiku la chinamwali changa, a tsiku la ukwati, a tsiku limene ndidaika agogo ndekha. Mukadabwera nacho ndikadaphika tsiku lomwelo, ndikadadya mpaka kukombeza, kuti abwere adzakhale pamphasa pamene mwakhalapo ndiwauze onse pamaso. Akadamva, akadalira, kenaka ndikadawatenthetsera madzi osamba. Tsopano ndiwauze yani? Inu?"

Ndidati, "Ndiuzeni ine."

"Si anu."

Adanyamuka, adati ndimutsate. Pakati pa nyumba yake ndi ya mwana wake wamkazi pali malo okwana nyumba ya zipinda ziwiri. Palibe udzu, palibe chitsononkho, pansi pakuoneka mizere ya tsache la m'mawa womwewo. Pakona pali mulu wa njerwa zootcha, zakuda ndi ndere, abuluzi akuothera dzuwa pamwamba pake. Adati njerwazo adaumba chaka chimene munthu wina wochokera ku Joni adamuuza kuti adamvapo za mayi wa ku Nambuma amene akadali moyo. Amalume ake adafuna kumangapo chigafa, adakana. Akamwini ake adapempha kangapo, adakana. Kanjira ka kuchitsime kakafika pamenepo kamakhota, kamazungulira, nkukaongokanso kutsogolo, poti ana a pakhomopo adakula akudziwa kuti apa sadutsapo, ndi pa agogo.

Adaima m'mphepete mwake, sadapondepo. Adati, "Mawa ndiwauza amangepo khola la nkhumba." Adabwerera ku chimanga chake. Sadandiperekeze.

Ine ndili kuno ku Nsaru, kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko cha buluu imene ili ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. Ndimakhala ndekha. A Nambewe adasamukira kwa mwana wawo ku Mpingu, ndipo Estere chimuuzire zoona za chikwatu amaimba mwa apo ndi apo, akaimba amangopereka foni kwa mwana. Amene mwawerenga izi, ngati mudutsa kuno, patukani mudzandione ngati ndadzuka. Mukati odi nkuona kuti ndikuchedwa, musabwerere. Ndimakhala ndilimo, ndimayamba ndasuzumira pazenera.